Pedal Yafa, Kapena Ndi Mmene Anaipangira? Kalozera wa Oimba Gitala ku Kasungu

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama n'kuyamba kuyenda, mabandi ndi magulu a matamando a m'mipingo amathamangira kugula zida. Kale kunali gitala, ampu ndi masipika basi. Tsopano woimba lidi aliyense akufuna mapedal, timabokosi tosinthira mawu a gitala, pansi pa phazi. Ena amabwera ndi anzathu a ku Joni, ena amatumizidwa ndi abale a ku UK ndi ku America, ena timakagula m'mashopu a ku Lilongwe. Pakati pa ma Boss ndi ma Zoom omwe tinawazolowera, mwayamba kupezekanso timabokosi ta makampani ang'onoang'ono, topangidwira kupotoza mawu mpaka munthu osazindikira kuti ikulirayo ndi gitala. Sipatha miyezi iwiri, madandaulo amakhala omwe aja: yafa, ikulira yokha, m'mawa imamveka bwino koma masana yasanduka.

Mapedal ambiri omwe amafika pa tebulo langa akuti afa amakhala ali moyo. Kawirikawiri cholakwika chimakhala kunja kwa bokosilo: adaputa, chingwe, fumbi, kapena magetsi a pamalo pomwe mukuimbira. Nthawi zina pedal ikungochita zomwe anaipangira, koma palibe anakuuzani. Ilipo nthawi inanso yomwe wopangayo analakwitsadi, chifukwa ankaganizira situdiyo yozizira, osati tchalitchi cha malata cha ku Chamama mwezi wa Okutobala. Zitatuzi mankhwala ake ndi osiyana. Pa chizindikiro chilichonse m'munsimu ndayamba ndi chomwe chimachitika kawirikawiri n'kumatsika.

## Musanatsegule bokosi lililonse

- Lumikizani gitala ku ampu mwachindunji ndi chingwe chimodzi. Ngati vuto lilipobe, mapedal alibe mlandu.
- Ikani pedal imodzi yokha pakati, makamaka pa batire latsopano.
- Onjezerani ina imodziimodzi, pamodzi ndi kachingwe kake, mpaka vuto libwerere.

Zimatenga mphindi khumi, ndipo nkhani zambiri zimathera pomwepa.

## Kanyali sikakuyaka, mawu palibe

1. Adaputa yolakwika. Ili ndiye tchimo lalikulu kuno kwathu. Mapedal ambiri amatsatira njira ya Boss: 9V DC, pakati pa pulagi pali negative, kunja kwake positive. Maadaputa ambiri a m'nyumba, a decoder, a router, ngakhale a kiyibodi za Yamaha, ndi a 12V ndipo pakati pake pali positive. Pulagi yake imalowa bwinobwino, n'chifukwa chake anthu amapusitsika. Kutchalitchi, komwe maadaputa onse amasungidwa m'chikwama chimodzi, kusinthanitsa n'kosavuta. Yang'anani kachithunzi ka plus ndi minus kolembedwa pa adaputa ndi pa pedal: chizindikiro cha minus chiloze kadontho ka pakati. Mangani tepu ya mtundu umodzi pa adaputa ndi pedal yake.

Palinso mapedal osatsatira njirayi. Line 6 DL4 yoyamba, ya mu 1999, ndi DigiTech Whammy 4 zimabwera ndi adaputa ya 9V AC, ndipo adaputa imeneyo mukailowetsa mu pedal wamba mwaiwotcha. Deluxe Memory Man ya Electro-Harmonix imafuna 24V. Oimba ambiri amadandaula kuti makampani anagwiritsa ntchito pulagi zofanana pa magetsi osiyana chonchi, ndipo ine ndili mbali yawo. Ichi ndi chilema cha kapangidwe, osati kusasamala kwa woimba yekha.

Ngati adaputa yachokera ku America kapena ku Japan, werengani mzere wa INPUT. Magetsi a ESCOM ndi 230V. Adaputa yolembedwa 120V kapena 100V yokha imapsa pomwepo. Yolembedwa 100-240V ilibe vuto.

2. Batire latha. Pa mapedal ambiri, chingwe cholowetsedwa ku INPUT ndicho chimayatsa batire. Mukachisiya usiku wonse, batire limatha ngakhale kanyali kali kozima. Batire labwino limaonetsa 9V kapena kupitirira pang'ono pa mita. Likatsikira cha ku 7V lichotseni. Overdrive wamba (pedal yokuza ndi kupotoza mawu pang'ono) imadya magetsi osakwana 10 mA, koma delay (yobwereza mawu) ya digital imatha kudya 50 mA kapena kuposa, ndiye batire lotsika mtengo la pamsika silimaliza nayo ukwati umodzi.

3. Chingwe cha ku INPUT si choyenera. Pa batire, pedal imayaka ndi jaki ya mono, ya mzere wakuda umodzi. Ya mizere iwiri, yomwe imagwiritsidwa ntchito pa mikisa, siiyatsa.

4. Polowera adaputa pagwedera. Gwedezani pulagi pang'ono. Kanyali kakaphethira, mtovu wa mkati wasweka. Ndi ntchito yaing'ono kwa mmisiri.

Mukamva fungo la chopsa kapena adaputa ikutentha moti simungaigwire, zulani pomwepo ndipo musayesenso. Mapedal ambiri ali ndi diode yoteteza yomwe imafa m'malo mwa zina zonse. Kuisintha n'kotsika mtengo, koma kuyesa kachiwiri ndi kachitatu kumapsereza chip.

## Kanyali kakuyaka koma mawu palibe

1. Mwasinthanitsa INPUT ndi OUTPUT. Pa mapedal ambiri gitala imalowera kumanja, mawu n'kutulukira kumanzere. Pedal ya true bypass, yomwe ikazima imangodutsitsa mawu pa waya osalowa m'zipangizo zake, imanyenga: ikakhala yozima mawu amadutsa ngakhale mwasinthanitsa, mukaiponda kuli zii.
2. Kachingwe kolumikizira mapedal kaduka mkati. Timene timabwera topanikizidwa ndi pulasitiki sitikonzeka. Tayani.
3. Batani lapotokoka m'chikwama. Onani Level, Mix ndi Gate. Ulendo wa pa kabaza kapena kumbuyo kwa lole kuchokera pa boma kukafika ku Santhe ndi wokwanira kusuntha mabatani onse.
4. Pali switchi yobisika. Mapedal a Chase Bliss ali ndi timaswitchi 16 chakumbuyo, ena amabisa zinthu mkati kapena pa batani lomwe uyenera kuligwira kwa masekondi angapo. Delay ndi reverb zina zimatha kuchotseratu mawu enieni a gitala n'kusiya ongobwereza okha. Pezani buku lake pa intaneti, mujambule ndi foni mmene zonse zakhalira musanasinthe kanthu.
5. Switchi yoponda yatha. Ipondeni kangapo mwamphamvu. Mawu akamabwera n'kumachoka, ndi yomweyo. DL4 yakale imadziwika ndi nthenda imeneyi.

Kumbukirani kuti mapedal a Boss ndi ena okhala ndi buffer (kachipangizo ka mkati kolimbitsa mawu a gitala) amafuna magetsi ngakhale ali ozima. Imodzi ikasowa magetsi, mzere wonse umakhala chete.

## Ikulilima kuti "mmmm" kapena "zzzz" osaleka

Apa ndikhalitsapo, chifukwa palibe dandaulo lina lomwe limabwera kawirikawiri ngati ili, ndipo mkati mwake muli ngozi yeniyeni.

Yambani ndi mayeso awiri. Tsitsani voliyumu ya pa gitala mpaka pa ziro: phokoso likatha, likulowera ku gitala kapena chingwe chake. Likapitirira, zulani adaputa muike batire: likatha apo, likuchokera ku magetsi.

1. Adaputa yosasefa bwino. Maadaputa aja a pamsika okhala ndi kosankhira 3V mpaka 12V ambiri sawongola mphamvu. Mukaika pa 9V amatha kutulutsa 12V kapena kupitirira, ndipo amalowetsa kulilima kwa magetsi m'mawu. Gulani adaputa yopangidwira mapedal, yolembedwa regulated.

2. Mapedal ambiri pa adaputa imodzi. Chingwe cha nthambi zisanu chija n'chothandiza pa mapedal a analog okhaokha. Mukasakanizapo ya digital, zili ngati anthu asanu kumwera chikho chimodzi: wachimfine mmodzi apatsira onse. Phokoso la kompyuta ya mkati mwa delay limadutsa pa waya wa magetsi n'kukalowa mu overdrive, yomwe ntchito yake ndi kukuza chilichonse. Ipatseni ya digital adaputa yakeyake, kapena gulani bokosi la magetsi lolembedwa isolated.

3. Palibe earth. Soketi zathu ndi za mabowo atatu, koma m'matchalitchi ndi m'maholo ambiri waya wachitatuwo sanalumikizidwe kulikonse. Zingwe zowonjezera zotsika mtengo zina mkati muli mawaya awiri okha. Ndiye pali chizolowezi chija chotsegula bowo la pamwamba ndi kamtengo kuti pulagi ya mano awiri ilowe. Ampu yopanda earth imalilima, ndipo ikawonongeka mkati magetsi amadzera pa nsambo za gitala kupita m'thupi mwanu.

4. Ampu ndi mikisa zili pa soketi zosiyana. Zikalumikizidwa ndi chingwe cha mawu, pamabadwa kulilima kwa 50 Hz. Zibayeni pa soketi imodzi, kapena ikani DI box (kabokosi kolumikizira chida ku mikisa) pakati n'kudina batani lake la ground lift. Musathyole dzino la earth pa pulagi. Phokoso limathadi, koma mwachotsa chomwe chikanakupulumutsani.

5. Jenereta ndi inverter. Magetsi akathima timathawira ku izi. Ma inverter otsika mtengo a sola, a modified sine wave, amatulutsa magetsi a makona, ndipo fuzz kapena distortion (pedal yopotoza mawu kwambiri) imawamva n'kuwakuza kukhala "zzzz". Jenereta yaing'ono imasinthasintha mphamvu bezi ikagunda. Pa malo otere ikani mapedal pa mabatire ngati n'kotheka. Zoom G1 Four ndi Boss GT-1 zimayenda ndi mabatire 4 a AA, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe oimba akumidzi amazikondera kuposa mapedal odula.

6. Pickup (zotola mawu za pansi pa nsambo) za mtundu wa single coil. Magitala a mtundu wa Stratocaster, omwe oimba sungura ndi rumba amawakonda, amatola phokoso la mababu, machaja a foni ndi transformer ya ampu. Tembenukani pang'onopang'ono muli chiimire, mupeza mbali yomwe phokoso likuchepa. Switchi ya pickup ikakhala pa malo achiwiri kapena achinayi, magitala ambiri amakhala chete.

Phokoso likamachepa mukagwira nsambo, si zachilendo. Likamakula mukazigwira, mawaya a pa jaki ya gitala anawotchereredwa mosemphana.

Lekani pomwepo ngati nsambo zikukulumani m'zala, kapena maikolofoni ikukubayani pa mlomo muli chigwirire gitala. Vuto si la pedal. Zimitsani zonse muitane wamagetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA ayeze soketi ndi earth. Nthawi ya dzinja, poimba panja pa nthaka yonyowa, musachite nazo masewera.

## Ikuimba likhweru, ikulira yokha, kapena mukumveka wailesi

1. Ndi mmene anaipangira. ZVex Fuzz Factory, yomwe inatuluka mu 1995, ili ndi mabatani asanu: Volume, Gate, Comp, Drive ndi Stab. Batani la Stab limachepetsa mphamvu ya magetsi yolowa mkati, ndipo mukalibweza kumanzere pedal imayamba kulira yokha ngakhale simukukhudza nsambo. Liikeni kumapeto kwa kumanja, mukweze Gate pang'onopang'ono mpaka likhweru lithe. Rainbow Machine ya EarthQuaker Devices ili ndi switchi ya Magic yomwe imabwezera mawu mkati mpaka asefukire. Pafupifupi delay iliyonse ya analog, batani la Feedback kapena Repeat likapitirira malire, imakuwa mokwera osaleka.

Apa ndi pomwe oimba amasiyana maganizo kwambiri. Achinyamata ojambula nyimbo m'masitudiyo ang'onoang'ono amati kusadziwika kwa zomwe zituluke ndiko kukoma kwake. Oimba m'maukwati ndi m'mapemphero amati chida chosadalirika pamaso pa anthu si chida. Onse akunena zoona pa ntchito zawo. Chomwe ine ndimachiona kuti n'cholakwika si kulira kokhako ayi, koma kuti pa mapedal ambiri otere mabatani amakokana: ukasuntha limodzi pang'ono, ena onse asintha khalidwe, ndipo palibe njira yosungira malo omwe unawapeza dzulo. Lembani timizere ndi cholembera pa tepu ya pepala mozungulira batani lililonse. Ngati ndinu woimba mu tchalitchi, pedal yotere isakhale yoyaka pa nthawi ya pemphero.

2. Gain yachuluka. Distortion ziwiri zoyaka nthawi imodzi, inu muli pafupi ndi sipika, likhweru silingalephere. Mukagwira nsambo likhweru n'kuleka, vuto ndi limeneli. Likapitirira nsambo zili zogwidwa, mwina pickup yagwedera mkati.

3. Zingwe za INPUT ndi OUTPUT zakulungana. Pa fuzz ya mphamvu, mawu otuluka amadumphira mu chingwe cholowa. Zitalikitseni.

4. Mapedal awiri akumenyana pa magetsi. Kalikhweru koonda kwambiri, kosasintha ndi manoti omwe mukuimba, kamachokera ku mapedal awiri a digital kapena okweza mphamvu mkati omwe ali pa adaputa imodzi. Tremolo kapena chorus yomveka "thi, thi, thi" motsatira batani la Rate nayonso imaleka kawirikawiri mukaipatula.

5. Wailesi ndi foni. Fuzz zachikale zimatola wailesi, makamaka voliyumu ya gitala ikatsitsidwa. Yesani chingwe chachifupi komanso chabwino. Zikakanika, mmisiri atha kuika capacitor yaing'ono polowera mawu. Foni musaiike pa ampu kapena pafupi ndi mapedal.

## M'mawa inali bwino, masana yasanduka

Ngati ndi fuzz, funsani kaye ngati ili ndi transistor za germanium. Fuzz Face yoyamba, yomwe inapangidwa ku London mu 1966, inali nazo, ndipo makampani ambiri amakono amazifunafuna chifukwa mawu ake ndi ofewa ndipo amamvera voliyumu ya gitala. Koma germanium imasintha ndi kutentha. Kukatentha imadontha magetsi mkati, malo omwe wopanga anaikonzera amasuntha, ndiye mawu amafooka, amadukaduka, nthawi zina amazimiratu. Pedal yomwe munaiyesa ku Mtunthama m'mawa wozizira wa mu Juni si yomweyo mudzaimve pa shoo ya panja mu Okutobala kapena Novembala.

- Ichotseni padzuwa. Bokosi lakuda lachitsulo limatentha msanga kuposa mpweya.
- Musaisiye m'galimoto yotseka kapena pamwamba pa ampu.
- Ngati ili ndi batani la Bias, ntchito yake ndi imeneyi. Lisuntheni mpaka noti italike.
- Ngati mumaimba panja kawirikawiri, gulani fuzz ya silicon. Okonda germanium adzakuuzani kuti silicon ndi yolusa m'makutu, ndipo pang'ono n'zoona, koma ku Kasungu kuno ine ndingasankhe yosasintha ndi dzuwa.

Fuzz za mtundu uwu zili ndi makhalidwe enanso awiri. Zimafuna kukhala zoyamba, gitala ilowe mwachindunji. Mukaika tuner ya Boss, wireless kapena pedal ina ya buffer patsogolo pake, mawu amauma n'kukhala olasa. Chachiwiri, zambiri za germanium zili ndi ground ya positive, ndiye mukaziika pa chingwe cha nthambi limodzi ndi mapedal ena mumapanga shoti. Zipatseni batire. Zimadya pang'ono kwambiri moti batire limodzi limakhala miyezi, bola muzizula chingwe mukamaliza.

Ngati si fuzz, ganizirani batire lomwe likutha kapena adaputa yomwe ikufooka ikatentha.

## Manoti akudukira panjira kapena akudumphadumpha

1. Noise gate, yodula phokoso, yakwera kwambiri. Pa Zoom imalembedwa ZNR, pa Boss NS. Itsitseni mpaka noti izitha yokha.
2. Pedal imamva noti imodzi pa nthawi. Boss OC-2 ya mu 1982 ndi Data Corrupter ya EarthQuaker Devices zili choncho. Mukaimba kodi kapena nsambo ziwiri pamodzi, monga timachitira mu rumba ndi sungura, zimasokonezeka. Gwiritsani ntchito pickup ya kukhosi, tsitsani Tone, gwirani nsambo zomwe simukuimba, ndipo pedal ikhale koyambirira kwa mzere. Ngati kaimbidwe kanu ndi ka manoti othamanga awiriawiri, pedal imeneyi si yanu. Pezani yolembedwa polyphonic.
3. Kuduka ndi chibadwa chake. Plasma Pedal ya Gamechanger Audio ya ku Latvia, ya mu 2018, imasandutsa mawu kukhala mphezi yaing'ono mu chubu cha xenon. Mawu akafooka mphezi imazima, noti n'kuduka mwadzidzidzi. Palibe chokonza apo.

## Mawu aonda, achepa, kapena akusowa bandi ikayamba

1. Mwalowa mu mikisa mwachindunji. Mabandi ambiri alibe ampu ya gitala, ndiye chingwe chimachoka pa pedal n'kupita ku mikisa. Sipika ya gitala imadula yokha mawu opitirira cha ku 5 kHz, pomwe sipika za PA zili ndi tweeter yotulutsa zonse. N'chifukwa chake distortion yomwe pa YouTube imamveka yonona, kwanu ikumveka yokanda m'makutu. Yatsani amp ndi cab simulator (zotsanzira mawu a ampu ndi sipika ya gitala) pa Zoom kapena Boss, kapena gulani kabokosi kochita zimenezo. Mukabwerera pa ampu yeniyeni, cab muizimitse, apo ayi mawu amakhala ngati aphimbidwa. Komanso polowera LINE pa mikisa pamakhala cha ku 10k ohm, pomwe gitala imafuna cha ku 1M ohm. Popanda buffer kapena DI box ya active pakati, kuwala kwa mawu kumatayika.

2. Zingwe zatalika, mapedal onse ndi true bypass. Ogulitsa amatama true bypass ngati ndi chizindikiro cha pedal yabwino. Koma mamita 6 kuchokera ku gitala, timizingwe ta pakati, ndi mamita ena 6 kupita ku ampu, zonse zimakhala chingwe chimodzi chachitali chomwe chikudya mawu akuthwa. Kwa woimba lidi yoyera, yomwe moyo wake uli pa kuthwanimako, kutaya kumeneku n'kwakukulu. Pedal imodzi ya Boss, ngakhale tuner yozima, imathetsa vutoli.

3. Pedal imachotsa mawu apakati. Fuzz ya Big Muff imadziwika ndi zimenezi. Panokha m'chipinda imadzaza nyumba, koma kiyibodi, bezi ndi ng'oma zikalowa simumvekanso. Kwezani Mid pa ampu, kapena ikani overdrive ya mtundu wa Tube Screamer pafupi nayo.

4. Palibe batani la voliyumu. Phaser ndi tremolo zina zakale zimatsitsa mawu mukaziponda ndipo wopanga sanaikepo pokwezera. Ichi n'chilema chenicheni. Booster yaing'ono pambuyo pake imathandiza.

## Ikuthetheka mukapotokola batani, kapena ikuti "phu" mukaponda

Dothi la Kasungu ndi lamchenga, ndipo kuyambira Ogasiti fumbi limalowa paliponse. Kuthetheka kwambiri ndi fumbi basi. Potokolani batani uku ndi uku kambirimbiri pedal ili yozima. Zikakanika, thirani contact cleaner pang'ono pa kabowo ka kumbuyo kwa batanilo. Musathire WD-40 wamba, palafini kapena mafuta a makina osokera. Zimagwira fumbi lina n'kuwononga mkati. Jaki za zingwe zipukuteni ndi spirit, makamaka dzinja likatha pomwe dzimbiri layamba.

Batani likamathetheka ngakhale mwalitsuka, mwina capacitor ikudontha. Koma dziwani kuti ena anapangidwa otero: pa ZVex Super Hard On batani lake lenilenilo analilemba kuti Crackle Okay.

"Phu" wa poponda amachitika kwambiri pa true bypass. Mukangoyatsa zida, pondani pedal iliyonse kanayi kapena kasanu mikisa isanakwezedwe. Akapitirira, yesani pedal payokha, chifukwa wolakwa amatha kukhala yoyandikana nayo. Mmisiri amathetsa poika resistor ya 1M.

## Ya digital ikuzima yokha, ikuuma, kapena yaiwala zomwe munasunga

- Adaputa ikuchepa mA. Strymon BigSky imafuna 300 mA. Adaputa ya mA ochuluka kuposa omwe pedal ikufuna ilibe vuto. Yochepa ndiyo imavuta. Voltage yokha ndiyo iyenera kufanana ndendende. Pa chingwe cha nthambi, phatikizani mA a mapedal onse.
- Magetsi akutsika ndi kukwera. Magetsi akathima, zulani zida ku soketi. Akabwera dikirani pang'ono. Pa jenereta, iyambe yakhazikika musanabaye, ndipo muzule musanaizimitse.
- Delay zotsika mtengo za chip ya PT2399 zina zimakana kubwereza mukaziyatsa batani la Time lili pansi penipeni. Zulani, kwezani Time, bayaninso. Chip yomweyi imadetsa mawu delay ikatalika kwambiri, si kuwonongeka.
- Power bank ndi kachingwe kokweza 5V kufika 9V. Zimathandiza kumudzi, koma tambiri mwa timazingweti pakati pake ndi positive, ndipo tina timalira. Yezani ndi mita musanalumikize.

Factory reset ikhale yomaliza, chifukwa imafufuta mapatch anu onse, mawu omwe munakonza n'kusunga. Ngati pedal ili ndi USB, yambani mwawasunga pa kompyuta.

## Pomwe muyenera kusiya n'kupita kwa mmisiri

- Pamveka fungo la chopsa, patuluka utsi, kapena capacitor yatupa.
- Mwalowa madzi, kapena batire latayikira mkati. Musaiyatse kuti muone ngati ikugwirabe.
- Pedal ili ndi chubu. Plasma Pedal imakweza magetsi mkati kufika 3,500V, ndipo mapedal ena a valve amafika mazana a volt ngakhale adaputa yake ndi yaing'ono. Ampu ya valve imasunga magetsi oopsa ngakhale itazulidwa.
- Adaputa yasweka kapena ikulira. Musaitsegule, isintheni.
- Jaki kapena switchi yathyoka pamodzi ndi bolodi.

Vuto lomalizali ndi lomwe limandipweteka kwambiri pa mapedal amakono. Timapedal ting'onoting'ono ta masiku ano tambiri jaki, switchi ndi polowera adaputa zonse zinawotchereredwa pa bolodi imodzi, ndiye phazi likaponda mphamvu yonse imapita pa bolodiyo. Mulibenso malo a batire, chinthu chomwe kwa ife a magetsi othimathima n'chofunika. Makampani ena amathira phula lolimba pamwamba pa zipangizo pobisa luso lawo, ndipo pedal yotere ikafa palibe angaidzutse. Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, pemphani aitsegule kumbuyo muone: jaki zomangidwa ndi nati pa bokosi n'kulumikizidwa ndi mawaya ndizo zimakonzeka kuno.

Amisiri okonza mawailesi ndi ma TV pa boma amatha kusintha diode, jaki, capacitor ndi switchi. Ntchito ya tizipangizo tating'ono ta SMD imafuna wozolowera mabolodi a mafoni. Zipangizo monga switchi yoponda ya 3PDT, chip za delay ya analog ndi transistor za germanium zimafunika kuitanitsa, ndiye funsani mtengo ntchito isanayambe. Popita kumeneko tengani pedal, adaputa yomwe mumagwiritsa ntchito ndi zingwe zake, muwauze pomwe munkaimbira, ngati anali magetsi a ESCOM, jenereta kapena sola, ndi chomwe chinachitika vuto lisanayambe. Ngati munabaya adaputa ina, nenani, chifukwa zimamuuza mmisiri poyambira kuyeza.